A Silumbu Aonera Filimu ndi Makutu

Kumtunda kwa Misuku, kufupi ndi nkhalango ya Mughese, mukafunsa za a Goodson Silumbu anthu adzakuuzani ziwiri: khofi wawo sabwezedwa pa sikelo, ndipo mwini wakeyo akayamba kuseka nkhuku zimabalalika pabwalo. Ndi bambo wamfupi, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, ndipo jekete yawo ya ubweya savula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Sukulu anailekeza sitandade 3. Ali mnyamata anakagwirako maganyu ku Mbeya, n'kubwerako ndi Chiswahili komanso matenda okonda kanema, amene sanachire mpaka lero. Chichewa chawo n'chotolatola, china cha pawailesi china cha kumsika, koma amachiyankhula mosaopa munthu.

Akazi awo anamwalira kalekale. Amene anatsala nawo pamudzi ndi mwana wawo Arthur, mlonda wa nkhalango, yemwe anakwatira Ivy, mphunzitsi wa ku Ntcheu amene boma linamutumiza kudzaphunzitsa kumapiri kuno. Anamanga nyumba yawo pabwalo lomwelo, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri, Temwa ndi mlongo wake wamng'ono Madalitso. Adzukulu awiriwa ndiwo anali mtima wa a Silumbu. Nthochi ikapsa kumunda, yoyamba inali yawo.

Tsono kwawo kwa a Silumbu kuli mwambo wake. Mkazi wa mwana wako saonana nawe maso, sakhala nawe chipinda chimodzi, ngakhale dzina lako salitchula. Mukakumana panjira, iye amapatukira m'khofi mpaka udutse. Si chidani ayi, ndi ulemu, ndipo Ivy anauphunzira n'kuusunga koposa ana a pamudzi pomwepo. Kwa zaka khumi awiriwa ankayankhulana kudzera mwa ana. A Silumbu ankamutama kwa anzawo kutchalitchi, koma akanakumana naye ku Boma mwina sakanamuzindikira.

Zinthu zinasintha pamene Ivy anagula sola ndi TV. Akapita ku Boma ankabwerako ndi mafilimu oseketsa pa fulashi, aja oti mwana ndi kholo amaonera limodzi popanda wina kugwetsa nkhope. Lamulungu lililonse masana, akaweruka kutchalitchi, ankatseka makatani n'kukhala ndi ana pamkeka. Mafilimuwo anali a Chingerezi, choncho Ivy ankamasulira.

A Silumbu anapirira milungu iwiri yokha akumva phwete kuchokera kutsidya kwa bwalo. Lamulungu lachitatu anatenga ndodo yawo.

"Odi muno! Mwaghona mose," anapereka moni wa kwawo.

Ivy anafunda chitenje kumutu, n'kutulukira khomo lakuseri. Agogo analowa, anakhala pampando wabwino koposa, n'kuyamba ntchito yawo. Chingerezi sankachimva ndi pang'ono pomwe, koma munthu akaterereka pa sopo safuna womasulira. Ankaseka mpaka misozi, akumenya ndodo pansi ndi kulangiza anthu a mu TV kuti ayang'ane kumbuyo. Zinayenda choncho miyezi isanu. Ndipo taonani mmene ife amuna tilili: pa miyezi yonseyo sanadzifunse n'kamodzi komwe kuti mwini TV ali kuti.

Anawatsegula maso ndi Arthur, tsiku lina akudulira khofi.

"Adada, mayi a Temwa akufuna kupempha transifa. Akuti teremu ino ikatha akapereke kalata, abwerere ku Ntcheu."

"Na wana?"

"Ana apita nawo. Ine ndizikawaona pa holide."

A Silumbu anasiya kudula. "Tamulakwira vichi? Ndani wamutukwana?"

"Palibe. Akungoti atopa. Akuti zaka khumi, koma akadali mlendo m'nyumba mwawo momwe."

Mawuwo anawapweteka, ndipo poyamba anakwiya. Mlendo bwanji, munthu amene amamupatsa nkhuku Khirisimasi iliyonse? Koma mkwiyo utaphwa panatsala mantha. Ankati akayang'ana pabwalo n'kuganiza kuti Temwa ndi Madalitso sadzakhalapo, chakudya sichinkalowa.

Lamulungu lotsatira anapita monga mwa masiku onse, koma ulendo uno maso awo sanali pa TV pokha. Filimuyo inali ya bambo wina wonenepa amene mkazi wake anamusiyira ana anayi n'kupita kukaona odwala. Bamboyo akagwa, ana ankaseka. Koma anthu a mufilimu akayamba kuyankhulana, m'nyumba munkangoti zii. Madalitso ankatembenukira kukhomo lakuseri.

"Akuti chiyani?" ankafunsa, koma womuyankha panalibe.

Kenaka, bambo wonenepa uja atanena zinazake pafoni, a Silumbu anamva kakuseka kakafupi kuseri kwa khoma, kotsekedwa msanga ndi dzanja. Anali Ivy, ataima m'khitchini, akumvetsera filimu yake yomwe. Agogo anachita manyazi aakulu. Mlungu wonse mayiyu amalimbana ndi ana a eni m'kalasi, ali ndi masana amodzi okha oti aseke ndi ana ake, ndipo masana omwewo nkhalamba imadzamutulutsa ndi odi.

Anaganiza masiku angapo. Kuthetsa mwambo sakanatha. Anaupeza, ndipo akanati angolowa n'kukhala naye pamodzi, amene akananyozedwa pamudzi ndi Ivy yemweyo. Kusiya kupitako nakonso mtima unkakana. Lamulungu litafika anatenga kampando kawo kathabwa, anakaika pakhonde pansi pa zenera la pabalaza, n'kukhala atatsamira khoma, nkhope italoza kumapiri. Anaitana Temwa kuti akauze amayi ake asatuluke, iwo azingomvera ali panja.

"Kawaphalire amama ako akhale, asafume yayi. TV ikuniwawa maso. Ine nikhala pano, nizipulika waka."

Linali bodza lamkunkhuniza. Maso amenewo amaona kachilombo pa tsamba la khofi munthu wina asanaone n'komwe tsambalo. Koma Temwa anakanena, ndipo patapita kanthawi a Silumbu anamva mkeka ukuyalidwa.

Tsiku limenelo ndi limene anamva koyamba mawu a mpongozi wawo akuyankhula momasuka. Anadabwa. Mayi amene ankamudziwa ngati chitenje chodutsa mwakachetechete kuseri kwa nyumba anali katswiri. Anali ataikanso filimu ija, ndipo bambo wonenepa ankamuyankhulitsa Chichewa cha ku Ntcheu, mawu okhuthala a munthu wonama. Apongozi ake a bamboyo anawapatsa Chitumbuka chonyada. Ngakhale galu anamupezera zonena. Apa m'pamene a Silumbu anadziwa kuti miyezi yonse ija ankangodya makoko: bamboyo sankangogwa chabe, ankanamiza mkazi wake pafoni kuti zonse zili bwino pamene nyumba ikusefukira thovu. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo m'nyumba namo kuseka kunawonjezeka chifukwa cha kuseka kwawoko.

Komabe tisanamizane, zinkawawa. Nthawi zina ana ankangophulika, Ivy naye n'kulephera kuyankhula, agogo ali panja osadziwa kuti wagwa ndani, wagwera pati. Munthu amene anakonda kanema kuyambira ku Mbeya ankakhala akuyang'ana nthochi. Khosi linkafuna kutembenuka lokha, koma sanasuzumire n'kamodzi komwe.

Anzawo ankawaseka. A Frackson, oyandikana nawo munda, ankati akamadutsa amafunsa ngati wailesi ya pazenerayo ikugwira bwino. A Silumbu ankangoti ikugwira. Za kalata ija sanafunsenso Arthur, poopa yankho.

Lamulungu lomaliza teremu isanathe kunagwa mvula, ija ya ku Misuku yobwera chopingasa ndi mphepo yake. Khonde la nyumbayo n'lalifupi. Filimu isanafike pakati, jekete ya ubweya inali itanyowa phewa limodzi, madzi akutsikira m'nsapato. Nzeru inkati apite kwawo. Koma ankadziwa kuti mwina aka n'komaliza kumva adzukulu awo akuseka kuseri kwa khoma limeneli, choncho anangokokera kampando kufupi ndi zenera.

Mvula inkasokosa pamalata, ndipo Ivy anakweza mawu. Kenaka anayamba kunena zinthu zimene sankanena kale.

"Tsopano akukwera makwerero. Wanyamula ndowa ya penti kumanja. Mbuzi ija yafika pansi, ikununkhiza chingwe. Iye sakuiona. Yayamba kutafuna."

"Amayi, zimenezo tikuona tokha," anadandaula Madalitso.

"Khala chete, sukuonera wekha. Eya, chingwe chaduka. Penti yense kumutu, ndowa yamuvala ngati chipewa, akuyenda chopapasa, walowa m'khola la nkhumba."

A Silumbu anaiona yonse, mbuzi, ndowa ndi nkhumba zomwe. Anatsegula pakamwa kuti aseke monga mwa nthawi zonse, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka kokha. Anapukuta nkhope ndi mkono wa jekete, wonyowa kale.

Filimu itatha, mvula ikadagwa, anamva Ivy akuitana Temwa. Sananong'one. Anayankhula ataima pafupi ndi katani, mawu oti wa pakhonde amve bwinobwino.

"Temwa, kawauze agogo ako kuti khonde ili n'lalifupi. Auze abambo ako aonjezere malata awiri chilimwe chikubwerachi. Mvula ya chaka chamawa sindifuna idzawanyowetse chonchi."

Temwa anatuluka n'kuyamba kubwereza uthengawo, koma agogo anamugwira dzanja.

"Napulika, mzukulu," anatero, kutanthauza kuti amva kale. Anayang'ana madzi akutsika pamalata. Kenaka anatembenuzira mutu pang'ono kukhoma, osati kuzenera, n'kuthokoza okha m'chiyankhulo cha kwawo, osatuma mwana: "Ndagha, mama."