Mashini Osokera a ku Athi River

Ntchito ya amuna anga ku bungwe lina la kunja inatha mwana wathu wamkazi ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinali titakhala ku Buruburu, mumzinda wa Nairobi, zaka zambiri ndithu, koma chilolezo chathu chokhalira m'dziko la Kenya chinali chomangirira pa ntchito yawoyo. Ntchito ikatha, ndiye kuti nanunso mwatha. Anzathu ena zikatero ankangolongedza n'kubwerera kumudzi, ena mokondwa kumene. Ife sitikanatha kutero chifukwa cha mwanayo.

Anabadwa wosamva. Ku Nairobi tinamupezera sukulu ya ana osamva, ndipo kumeneko anaphunzira kulankhula ndi manja monga amachitira Akenya. Ine ndinkangodziwako pang'ono, bambo ake ndiye ayi, zala zawo zinkangokanika. Koma mwana uja akakhala ndi anzake anali wolongolola, wamiseche, woseka mpaka misozi. Ndikaganiza zomutengera kwathu ku Ntcheu, kumene kunalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa chilankhulo chakecho, tulo tinkandithawa.

Loya wina wa m'tauni, amene ofesi yake inali pamwamba pa sitolo ya nsapato, anatiuza kuti njira ilipo. Mlendo akabweretsa chuma chake n'kutsegula bizinesi, boma limamupatsa pemiti ya wamalonda, banja lonse n'kukhala pansi pa pemitiyo. Za unzika anati tisaganizeko, popeza masiku amenewo munthu sankaloledwa kukhala nzika ya mayiko awiri, ndipo amuna anga sakanalola kutaya pasipoti ya Malawi ngakhale mutawaopseza ndi mfuti. Chimene loyayo ananena mobwereza n'chakuti bizinesiyo ilembe ntchito Akenya. Tonse awiri tinagwedeza mitu, ndikukumbukira bwinobwino.

Ndalama zonse zimene bungwe linawapatsa potsanzikana tinakazithira mu shedi ina ku Athi River. Tinagula mashini asanu ndi imodzi osokera ndi tebulo lodulirapo nsalu, n'kuyamba kusoka mayunifomu a sukulu ndi maovolosi a m'mafakitale. M'mawa uliwonse ndinkakwera maminibasi awiri, amene kumeneko amati matatu, n'kukafika tsitsi lili mbuu ndi fumbi. Ndinalemba Akenya awiri, amayi Achikamba, akatswiri pa mashini, ndipo tinapereka mapepala athu ku ofesi yoona za alendo.

Kenako Amalawi anamva. Panali amayi angapo amene amuna awo ankaphunzira zaubusa ku makoleji a ku Nairobi. Tsiku lina titatuluka m'tchalitchi, wamkulu mwa iwo anandikokera pambali.

"Amayi, ife tikungokhala m'nyumba. Abambo ndi mabuku okhaokha, ana alibe ndi sopo yemwe. Ngakhale kaganyu kopachika mabatani, tingathokoze."

Ndinakawauza amuna anga, ndikuyembekeza kuti akana ndi iwowo kuti ine ndioneke wabwino. Iwo anangoti, "Anthu akwathu amenewa, tiwakana bwanji? Mawa tikagwa m'mavuto kuno atigwira ndani?" Anali munthu wotero, wabwino mtima mpaka kukwiyitsa. Ndinatenga awiri, kenako wachitatu. Amayi Achikamba aja atapeza ntchito ya malipiro abwino ku fakitale yaikulu, sindinafunenso Mkenya wina. Osoka onse anakhala Amalawi, ndipo mapepala awo onse sankawalola kugwira ntchito.

Sindinali wopusa ayi, ndinkadziwa kuti aboma akhoza kubwera kudzaona ngati bizinesiyo ilipodi. Ndinawalangiza amayiwo kuti mlendo akalowa Chichewa chithe, aziyankha m'Chiswahili basi. Tinkachita kuyeserera nthawi ya tiyi, tikuseka. Chiswahili chawo chinali chabwino kuposa changa. Ndinaganizira za pakamwa pokha.

Anabwera tsiku lina chakumasana, bambo wa suti yotuwa, faelo ili m'khwapa. Ananena kuti wachokera ku ofesi yoona za alendo, ine n'kumupatsa mpando. Mashini anayamba kuzima imodziimodzi. Mayi wamkulu uja anadzuka, anabwera pafupi, anagwada, napereka mkono dzanja lamanzere litagwira chigongono. "Habari, bwana." Atachoka anabwera wachiwiri, kenako wachitatu, motsatana ndi ukulu wawo, aliyense maondo pansi pa simenti. Womaliza anabweretsa botolo la zoziziritsa kukhosi pambale, nalipereka chogwada. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ine ndinaima pomwepo ndikunyadira. Sindinaone cholakwika chilichonse.

Bambo uja anamwa pang'ono, n'kuika botolo pansi.

"Mama, hawa wamama ni wa wapi?" anandifunsa, kufuna kudziwa kwawo kwa amayiwo. Ndinati ndi a konkuno. Anamwetulira mwachisoni. "Mama, ine ndayenda m'mafakitale onse a Athi River, palibe amene anandigwadirapo. Ndione zitupa zawo."

Panalibe anali ndi chitupa cha Kenya. Munthuyo sanali wankhanza. Sanapemphe kangachepe, ndipo ndinene zoona, akanapempha ndikanapereka. Anawauza amayiwo kuti azipita kwawo mwakachetechete, mayina awo sanalembe. Koma zimene anaona analemba, poti ndiyo inali ntchito yake.

Kalata yotikana inafika patapita milungu ingapo. Loya anayesa kudandaula, koma zinali zongotaya nthawi, ndipo iye sanachedwe kutikumbutsa kuti anatiuza. Mashini tinawagulitsa motaya. Amayi aja anabwera ku Buruburu kudzapepesa, ine ndinawalandira ndi nkhope yowuma, tiyi osawapatsa. Ndinawakwiyira iwo, ndinakwiyira amuna anga miyezi yambiri, koma wowalemba ntchito ndinali ine, ndipo ndikanakhala pa mashini tsiku limenelo nanenso ndikanagwada.

Kumuuza mwana kunandikanika. Ndinachita kupempha aphunzitsi ake kuti amufotokozere, ine nditakhala pambali ngati mlendo. Mwanayo anandiyang'ana nthawi yaitali, osalira.

Titabwerera kwathu, sukulu imene tinamupezera inkaphunzitsa ana kuwerenga milomo, m'Chichewa, chimene iye sankachidziwa. Achibale ankamukonda, ankamupatsa nthochi, kumusisita kumutu, basi. Madzulo aliwonse ankandikoka chitenje n'kundifunsa ndi manja kuti tibwerera liti. Kunena kuti sitidzabwereranso sindinkadziwa kuti zala zimayenda bwanji, ndipo panalibenso wondiphunzitsa. Ndinkangomuyankha ndi chimene ndinkachidziwa, ndicho mawa. Anafunsa chaka chathunthu. Kenako analeka kufunsa, ndipo pang'ono ndi pang'ono analekanso kundiuza china chilichonse.