Makoluna Anayi a Amalume

Wayilesi ija ndimaikumbukabe: yakuda, ya kaseti, yomangidwa ndi mphira pachiwongolero cha mota, njinga yamoto ya amalume. Anaigula ku Cuamba chilimwe chimene tinabwerako ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo, nyumba yathu ku Mandimba isanafoleredwe n'komwe. Amayi ankangopukusa mutu.

Amalume ankafuna kufunsira mayi wina wamasiye wa ku Massangulo, koma pakamwa pawo panali polemera. Akaima pamaso pa munthu wamkazi ankangokanda m'mutu. Ndiye anaganiza zoti nyimbo ikawalankhulire, imveke kuyambira kumsewu. Koluna imodzi, chokuzira mawu chija, inawachepera. Anasaka ena atatu, nawalumikiza onse pa mawaya awiri omwewo.

Aphunzitsi athu podutsa anatembenuza wayilesiyo n'kuwerenga kumbuyo kwake: maomu anayi, ndiwo muyeso wa katundu amene ingakoke. Koluna iliyonse inalinso ya anayi.

"Bambo, mukawaphatikiza chonchi sawonjezekera ayi, atsika kufika pa imodzi," anatero. "Ndi mbuzi imodzi yoyamwitsa ana anayi."

Anajambula padothi kuti makoluna awiri atsatane ngati anthu pamzere wa kuchigayo, awiri enawo chimodzimodzi, kenako mizere iwiriyo ikumane, muyeso ubwerere pa anayi. Amalume anayang'ana njinga yakapalasa ya aphunzitsi, yopanda ndi belu lomwe, n'kungoti, "Zikomo, pulofesolo." Lero ndikuvomera kuti aphunzitsi ananena zoona, koma masiku amenewo nanenso ndinali kumbali ya phokoso.

Lamlungu amayi anandikweza kumbuyo kwa mota, ati ulendo wokhala ndi mwana umaoneka waulemu. Nkhuku zinkabalalika, ana ankatithamangira, mano anga ankagundana ndi kugunda kwa ng'oma. Ndinkadzimva ngati mwana wa bwanamkubwa. Titayandikira Massangulo woimba wa m'kasetiyo anayamba kusasa mawu, kenako kunabwera fungo la pulasitiki yopsa. Amalume anaiuzira wayilesiyo, anaimenya mbama, koma zii. Tinalowa m'mudzi ndi utsi wokha.

Ndinalira ndi manyazi. Mayi uja anatuluka, anayala mphasa, nafunsa ngati tapsa. Amalume, posowa pobisala, anavula chipewa n'kuyamba kulankhula okha, mwachibwibwi, thukuta lili kamukamu. Ananena za munda wawo wogonera, za denga, za mkazi wawo amene anamuika m'manda kumsasa wa othawa nkhondo. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Chiphokoso chija ndinachimva muli kutali," anatero. "Chikanafika pakhomo pano mukanapeza nditalowa kuthengo. Ndinathawa mokwanira ine phokoso la mfuti. Mubwere ndi ankhoswe anu."

Pobwerera amalume ankaimba mluzu, mawaya opsa ali lendelende. Ine ndinakwiya njira yonse. Sindinkamvetsa kuti munthu amene zake zapsa mudzi wonse ukuona angakondwe bwanji chonchi, kapena kuti mayi wamkulumkulu ngati uja angathawe nyimbo chifukwa chiyani.