Basi ya Pakhoma

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kwathu ku Tsangano, bambo ali ku migodi ku Joni. Nyuzipepala sitinkagula. Zinkabwera zitakulunga mchere kapena sopo wa ku golosale, ndipo mayi ankaziwongola n'kuzimata pakhoma ndi phala kuti nyumba ikongole.

Pamwamba pa mtsuko wa madzi panali chithunzi cha basi itagwera kuphompho, matayala ali m'mwamba, anthu atawagoneka pamzere n'kuwafunditsa nsalu. M'munsi mwake munali mawu a Chingerezi, koma panyumba panalibe wowawerenga. Mayi anali asanakwerepo basi. Akamatunga madzi ankachiyang'ana n'kupukusa mutu.

Nthawi yozizira, mlongo wanga Yohane, wa zaka ziwiri, anadwala chikuku. Maso anafiira, kupuma kunkachita kumveka panja. Azakhali atamuona sanakhale n'komwe pansi.

"Alamu, mwanayu pitani naye kuchipatala ku Boma. Basi ikudutsa mawa."

"Basi?" anatero mayi akuloza pakhoma. "Simukuziona izo? Chikuku tonse tinadwala, tinachira. Mukufuna ndikamutaye kuphompho?"

Ine mumtima ndinali mbali ya mayi. Basi ija ndinkaiona tsiku ndi tsiku, pamene chikuku chinali timatuza chabe.

Basi inadutsa Lachiwiri, inadutsanso Lachisanu. Yohane tinamuika m'manda Lamulungu.

Patapita zaka zinayi, Chingerezi nditayamba kuchitola kusukulu, ndinaima pamtsuko paja n'kuwerenga mawu aja, atada kale ndi utsi. Basiyo sinali ya kuno. Inagwa kudziko lina, kutsidya kwa nyanja yamchere.

Mpaka lero zimandiwawa. Masiku amenewo ngozi za m'nyuzipepala zinkakhala za eni ake akutali. Zithunzi zakwathu zinkangokhala chimanga chobiriwira ndi amayi ovina atavala nsalu zofanana. Mwana wa chikuku palibe ankamujambula, chonsecho timanda tating'ono tinkachulukirachulukira kuseri kwa mudzi. Tinkaopa chimene tinaonetsedwa, chotipha chili pamphasa pathu pomwe. N'chifukwa chake ndikaona chithunzi choopsa masiku ano, ndimayamba ndafunsa kuti chachitikira kuti, nanga chimene sanajambule n'chiyani.

Tsiku limenelo mayi anandipeza ndikugwedeza milomo pakhoma paja.

"Wayamba kudziwatu Chizungu. Akuti chiyani pamenepo?"

Ndinawayang'ana, ndinayang'ananso chithunzi chija.

"Akuti basi ndi yoopsa, amayi."

"Ndinanena ine," anatero, n'kutunga madzi awo.