Zitseko Zisanu ndi Ziwiri za Mayi Varsenik

Mayi Varsenik Mheryan, amene tinawaika m'manda mu Seputembala chaka chatha, anabadwira m'mudzi wathu uno wa Hovtakar m'chaka cha 1940. Nthawi imeneyo mudziwu unali ndi nyumba zoposa mazana awiri zotuluka utsi, ndipo ana ankadzaza msewu moti ngolo inkachita kuima. Achinyamata akamva zimenezi amaseka, amati nkhalamba zimakonda kukokomeza. Aseke. Sanaone.

Mayi awo anafika kuno ali kamtsikana, akuthawa kuphedwa kwa anthu a mtundu wathu mu 1915, abale awo onse atatsala m'njira. Bambo a Varsenik anapita kunkhondo yolimbana ndi Ajeremani mwanayo akuyamwa, osabwerako. Motero a Varsenik anakulira m'nyumba imene munthu akangotuluka pakhomo, otsala ankayamba mantha. Tchalitchi chathu cha Amayi a Mulungu chinali chitasandutsidwa nkhokwe ya tirigu m'masiku a Chisovieti, koma mayi awo ankawatenga m'mamawa kukayatsa kandulo kuseri kwa khoma, pamwala wosemedwa mtanda. Anawaphunzitsa pemphero la Atate Athu, anawaphunzitsanso kutseka pakamwa.

Ali ndi zaka makumi awiri anakwatiwa ndi a Hmayak, oyendetsa thirakitala pafamu ya boma. Anabereka ana aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, Gurgen. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu anakama ng'ombe za pafamupo, manja akung'ambika ndi kuzizira, ndipo palibe anawamva akudandaula. Pakachitika maliro kapena ukwati, ndiwo ankalawirira kukakoleza ng'anjo yapansi ndi kuphika lavashi, buledi wathu wopyapyala uja, osadikira kuitanidwa.

Chivomerezi cha mu Disembala 1988 chinapha a Hmayak m'galaja ya mathirakitala. Gurgen, yemwe anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ankagwira ntchito mufakitale ya nsalu kutauni, ndipo nyumba yonse inamugwera. A Varsenik anasiya mtembo wa amuna awo m'manja mwa anansi, n'kuyenda wapansi m'chipale chofewa mpaka kutauniko. Anagwada pamulu wa simenti nawinda chowinda.

"Ambuye, mukanditulutsira mwana uyu wamoyo, chaka chilichonse ndidzapha nkhosa ya matagi pa chikondwerero cha Amayi Maria, mpaka tsiku limene mudzanditenge."

Tsiku lachitatu Gurgen anamutulutsa, mwendo utathyoka koma akupuma.

Malamulo a matagi, nsembe yathu yogawira anthu, sasintha. Nkhosa ikhale yamphongo. Wansembe adalitse mchere, nkhosayo inyambite. Nyama iphikidwe m'madzi ndi mchere basi, ikulungidwe mu lavashi, ikaperekedwe m'nyumba zisanu ndi ziwiri, nyumba ya mwiniwake osawerengera. Wowindayo salawako, ndipo nyamayo isagone. A Varsenik anazitenga zimenezi monga mmene zilili, ndipo mumtima mwawo zinali chonchi: chaka chimene nyama idzalephere kufika pachitseko chachisanu ndi chiwiri, adzakhala atanamiza Mulungu, ndipo Mulungu adzatenga mwana amene anabweza uja.

Zaka zoyamba vuto linali kusankha. Anthu ankanyanyala akalumphidwa. A Zaven, mnzawo wapamtima wa malemu a Hmayak, amene amakhala kutsidya kwa msewu, ankaima pampanda n'kumafuula.

"Alamu! Fungo mwandipatsa laulere, nanga nyamayo ndidzailawa ndili m'bokosi?"

"Inu munadya chaka chatha, alamu. Mimba yanuyo si tchalitchi."

Kenaka Chisovieti chinagwa, famu inatha, magetsi anazima, ndipo amuna anayamba kupita ku Russia kukamanga nyumba za eni. Poyamba ankachoka chipale chikasungunuka n'kubwerera chikayamba kugwa. Kenaka ena anasiya kubwerera. Kenaka anayamba kutumiza matikiti oti akazi ndi ana awatsatire. Aliyense pochoka ankati ndi zaka ziwiri zokha. A Varsenik ankaima pamsewu ndi chikho, n'kuthira madzi kumbuyo kwa galimoto monga timachitira kuti ulendo uyende bwino. Anathirira ana awo aakazi, wina wa ku Rostov, wina wa ku Amereka. Mu 1998 anathirira Gurgen, wa ku Krasnodar. Iyenso anati zaka ziwiri.

Sukulu inatsekedwa patatsala ana anayi. Tchalitchi chinakonzedwa bwino ndi munthu wina wolemera wa kunja amene agogo ake anali akuno. Anabwera, anajambulitsa, anapita. Bambo Husik, wansembe wathu, amasamala midzi isanu ndi umodzi, ndipo kuno amabwera kawirikawiri kudzaika anthu, osati kudzabatiza. A Varsenik ndiwo ankasunga kiyi, kusesa, ndi kuchotsa phula la makandulo. Tsiku lokumbukira akufa ankafukiza lubani pamanda a mabanja amene analibenso munthu kuno. Ankati, "Akufa sanapite ku Russia. Wina aziwalonjera."

M'mabuku a boma mudzi ukadali ndi anthu ochuluka, poti opitawo sadzifufutitsa. A Varsenik mabuku analibe nawo ntchito. M'mawa uliwonse ankaima pakhonde n'kuwerenga utsi. Utsi ukachedwa panyumba ina, ankapita kukagogoda.

Mu 2022 nyumba za Akhristu zinatsala zisanu ndi imodzi, kupatula ya a Varsenik. Kumapeto kwa mudzi kumakhala Usub, woweta nkhosa wa mtundu wa Ayezidi, amene ali ndi chipembedzo chawochawo. Nkhosa ya matagi a Varsenik ankaigula kwa iyeyo, koma nyama anali asanamupatsepo. Chaka chimenecho anakagogoda.

Usub anazengereza. "Amayi, mukudziwa kuti ine sindili wa tchalitchi chanu."

"Mwanawe, uli ndi chitseko? Uli ndi pakamwa? Landira."

A Zaven atamva anagwedeza mutu. "Alamu, ndiye chaka chamawa mudzapatsa adokowe apamtengo wa magetsi aja. Nawonso ali ndi nyumba."

"Adokowe ndi anzeru kuposa ana athu, alamu. Amapita, koma amabwerera."

Chakumapeto kwa 2023 kunafika mabanja atatu othawa ku Karabakh, katundu ali padenga la galimoto. Anawapatsa nyumba zopanda anthu. A Varsenik anawatengera mabulangete ndi mbatatesi, ndipo m'mawa mwake anawerenga utsi khumi ndi umodzi. Anasangalala, kenaka anachita manyazi ndi kusangalalako, chifukwa utsi umenewo unali utazima kwina. Anakaulula kwa Bambo Husik ngati tchimo. Sanafunike kulapa nthawi yaitali. Kunalibe ntchito, kunalibe sukulu, ndipo chipale chitasungunuka mabanja onse atatu anapita. Mwezi wa Juni, ana a banja lina la nkhalamba anabwera kudzatenga makolo awo. Zitseko zinatsala zisanu ndi chimodzi, cha Usub chili momwemo.

Kuyambira tsiku limenelo a Varsenik anasiya kudya bwino. Ankawerenga ndi zala, kubwereza, ngati kuti chala china chituluka. Foni ikalira ankaopa kuinyamula, poganiza kuti ndi uthenga woti Gurgen wagwa pamwamba pa nyumba imene akumanga.

Bambo Husik anawakhazika pansi. "Amayi, Mulungu si wokhometsa msonkho. Iphani tambala. Tambala amangofuna nyumba zitatu."

"Bambo, pasimenti paja sindinanene tambala."

"Koma Iye akuona mmene mudzi ulili."

"Akuona. Ndiye aone kuti ine sindinasinthe."

A Zaven anabwera ndi nzeru zawo. "Alamu, musavutike. Mukandipatsa pakhomo, ine ndizungulira kuseri n'kukakhala m'khola. Mudzagogode kumeneko, ndidzayankha ndi mawu ena."

"Alamu, Mulungu amadziwa kuwerenga. Ndipo mutu wanu wadaziwo amaudziwa."

Gurgen anaimba foni atamva kuti mayi ake akuwonda. "Amayi, bwerani kuno. Pamsewu wathu pokha pali nyumba zisanu ndi zinayi za anthu a ku Hovtakar. Matagi anuwo mudzagawa osatopa n'komwe."

A Varsenik anati, "Ndikabwera, bambo ako adzawafukizira lubani ndani?" Atadula foni anauza a Zaven kuti mawu amenewo ndi amene anawaopsa kuposa onse, kuti mudzi ulipo ndithu, koma uli m'dziko la eni.

Tsiku la chikondwerero, pakati pa Ogasiti, Bambo Husik anadalitsa mphesa ndi mchere n'kuthamangira mudzi wina. Usub anapha nkhosa. A Varsenik anaphika, anakulunga mitolo isanu ndi iwiri, ndipo pofika masana anali atagawa isanu ndi umodzi. Wotsalawo anaumanga m'nsalu, anatenga ndodo, n'kuyamba kukwera phiri lopita ku Verin Tagh, mudzi woyandikana nawo. Munthu wamphamvu amayenda ola limodzi ndi theka. Iwo anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi, ndipo sanauze munthu, podziwa kuti awaletsa.

Dzuwa linali lowotcha. Anapuma pamwala uliwonse waukulu, akuyang'ana mthunzi wawo ukutalika. Ku Verin Tagh anali asanafikeko zaka khumi, ndipo m'maganizo mwawo unali mudzi wa anthu. Nyumba yoyamba inali ndi loko wadzimbiri. Yachiwiri mawindo anali okhomedwa ndi matabwa. Yachitatu, ya mnzawo amene ankakama naye ng'ombe, udzu unali utamera pakhomo mpaka m'chiuno. Anagogodabe. Anagogoda zitseko khumi ndi chimodzi, akuitana mayina a anthu amene ankawadziwa, ndipo ankayankhidwa ndi mphepo yokha. Anakhala pansi pamsewu, mtolo uli pamiyendo, dzuwa litapendekera kuphiri, n'kunena mokweza, "Ambuye, ndafika. Kulibe anthu. Mwana wanga musamukhudze, tengani ine."

Ali chikhalire anamva kulira kwa khanda. Poyamba anayesa mphaka. Anadzuka n'kutsata mawuwo mpaka kunyumba ina ya kumunsi kwa kasupe, kumene matewera anali pachingwe. Anatsegula mtsikana wa zaka ngati makumi awiri ndi zitatu, dzina lake Lusik, mwana ali paphewa.

"Agogo, mwachokera kuti? Lowani, mugwa!"

"Landira kaye, mwanangu. Ndi matagi. Ulandire ndi manja ako, udye lero lomwe."

Lusik anadzilemba chizindikiro cha mtanda nalandira, n'kunena mawu amene timanena, akuti nsembe yanu ilandiridwe. M'nyumbamo munali masutikesi awiri otsegula. Mwamuna wake anali ku Russia, ndipo matikiti anali a mu Okutobala. A Varsenik anawaona masutikesiwo. Anapempha kunyamula mwanayo. Panali patapita zaka khumi ndi chimodzi asananyamule khanda, ndipo anati manja awo anali ataiwala kulemera kwake.

Usub, amene a Zaven anamutuma atapeza nyumba ili pululu, anawapeza pamenepo n'kuwabweretsa pahatchi dzuwa lisanalowe. A Zaven anawakalipira misozi ili m'maso.

"Nkhalamba yosamva inu! Mukanafera kuphiriko ndikanamuuza chiyani Hmayak?"

"Mukanamuuza kuti zakwana zisanu ndi ziwiri, alamu."

Sanadzukenso bwinobwino. Anagona milungu itatu, osamva ululu waukulu, ndipo mantha aja anali atawachoka. Foni ikalira ankainyamula msanga. Gurgen anafika kutatsala masiku awiri. Bambo Husik anawapatsa Ukalistia, ndipo iwo anapereka kiyi wa tchalitchi kwa a Zaven, amene sanalowemo mwakufuna kwawo chikwatire. M'mawa wa tsiku lomaliza anapempha kuti awatsegulire windo, anagwira dzanja la mwana wawo, nati, "Chaka chamawa sindidzasowa chitseko." Anatseka maso ngati munthu wotopa ndi ntchito.

Amuna onyamula bokosi sanakwane. Ananyamula Gurgen, Usub ndi ana ake awiri aamuna, a Zaven akutsogola ndi chivundikiro mothandizidwa ndi wansembe. Ana aakazi anaonera malirowo pafoni. Patatha sabata Gurgen anakhoma nyumba, nati chowinda cha mayi ake adzachipitiriza ku Krasnodar, kumene zitseko sizisowa. Mwina adzatero.

Chitsanzo chimene mayi Varsenik atisiyira n'chosavuta kuchinena. Analonjeza nkhosa, anapereka nkhosa, zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, osachotserako ngakhale wansembe atawaloleza. Amene mukuwerenga kalata ya parishiyi muli ku Rostov, ku Krasnodar kapena ku Amereka, muwayatsire kandulo. Mukatero mukumbukirenso otsala kuno. Mwana wa a Zaven wanena kuti adzawatenga chipale chisanagwe, ndipo kiyi uja sitikudziwa kuti tidzamupatsa ndani.