Msangu Sunaname

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anakangana ndi mtengo. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu kufupi ndi Golomoti, matipate atangolowa kumene.

Mtengowo unali msangu, ndipo unali pakati pa munda wa amayi. Msangu ndi mtengo wamakani. Inzake ikamayoyola masamba m'chilimwe, iwo ndiye umabiriwira. Mvula ikayandikira, iwo umavula. Masamba ake ankagwera m'mizere n'kusanduka manyowa, moti chimanga cha pansi pake sichinkadziwa feteleza.

Bambo anali mkamwini wochokera kumapiri. Pamudzi pa akazi awo analibe munda, ndipo pa milandu sankafunsidwa. Ulemu wawo wonse unali pa chinthu chimodzi: ankadziwa kuwerenga msangu. Mvula yoyamba ikagwa, anthu ankathamangira makasu, iwo n'kumangoseka.

"Iyi ndi chizimalupsa, yongozimitsa moto wa kutchire," ankatero. "Msangu sunavule."

Tsiku limene iwo atuluke ndi mbewu, mudzi wonse unkatuluka. Ngakhale amalume, amene sankawawerengera pa china chilichonse, ankandiitana kuseri n'kundifunsa ngati alamu awo abzala. Ine ndinkanyada nazo, ndipo ndinkayankha mochita kuderera ngati mvulayo ndi ya kwathu.

Chaka chimenecho kunatentha modabwitsa. Pochokera kusukulu tinkathamanga kuchoka pamthunzi wina kukafika pa wina, chifukwa mchenga unkaotcha mapazi. Kenaka msangu unavula, mitambo inasonkhana pamwamba pa mapiri, ndipo mvula inagwa yonunkhiritsa dothi. Amayi anatsitsa mbewu kudenga la khitchini. Chinali chimanga chamakolo chofiirira ndi utsi, chimene anasiyiridwa ndi amayi awo, cholimba moti anankafumbwe ankachilephera.

"A Mbewe, tisiyeko pang'ono," anatero amayi. "Kutentha kwa chaka chino sindikukumvetsa."

"Mukukayikira ine kapena mtengo?" anafunsa bambo.

Tinabzala yonse, bambo akukumba mapando patsogolo, ine ndikuponya mbewu pambuyo. Kutsidya kwa malire, a Nachisale, mayi wamasiye amene ankalera adzukulu, anatiyang'ana kamodzi n'kupita kukatenga yawo.

Chimanga chinamera bwino. Basi kumwamba kunatseka. Masamba anapindika n'kukhala ngati anyezi, kenaka anauma. Bambo ankalawirira kumunda n'kukaima pansi pa nthambi zopanda masamba zija, maso ali kumwamba. Mvula itabweranso Khirisimasi itapita, inabwera ndi ukali. Madzi anatsika m'mapiri ndi mchenga ndi miyala, n'kukokolola mizere pamodzi ndi timbewu tochepa timene tinapirira. Akuluakulu amati mvula ikakuona litsiro sikata. Ife inationa litsiro posagwa, inationanso pogwa. Mbewu ya agogo inathera pomwepo.

Anthu a kwathu sachedwa kupeka dzina. Bambo anasanduka "a Zanyengo". Amalume akakumana nawo ankafunsa, "A Zanyengo, lero tianike ufa?" Bambo ankaseka nawo, koma kunyumba ankafika ali duu. Chimene chinawalasa kwenikweni si chipongwecho. A Nachisale anakumana nafe panjira ya kumjigo, natula ndowa yawo pansi, nalankhula motsitsa mawu.

"Alamu, ine ndinabzala chifukwa ndinaona inu."

M'mawa mwake bambo ananola nkhwangwa.

"Mtengowu walakwanji?" anafunsa amayi.

"Wandinamiza pamaso pa anthu."

Msangu unali waukulu, moti anachita kuitana anyamata ootcha makala kuti awathandize. Utagwa, nthaka inanjenjemera, ndipo munda unaoneka wachilendo ngati nyumba yosasulidwa denga. Anaudula zidutswa, naukwirira mu uvuni. Utsi wake wowawa m'maso unakhala pamundapo masiku angapo. Makalawo anakagulitsidwa kumsewu, ndipo ndi amene anatidyetsa m'miyezi ya njala. Sindinganame, ufa wogulidwa ndi ndalama zimenezo ndinadya nawo mokondwa. Koma kuyambira pamenepo bambo sanalankhulenso za mvula. Munthu akawafunsa ankangoti, "Funsani wailesi."

Ndinadzamva nkhani yonse nditakula, ndili ku koleji ya uphunzitsi. Anatiphunzitsa kuti utsi wa mafakitale ndi magalimoto, wambiri mwa iwo wa m'mayiko akutali, umaunjikana mumlengalenga n'kufunditsa dziko ngati bulangete, kutentha n'kumalephera kutuluka. Mitengo, imene imamwako mpweya woipawo, ndiyo tikuitha ndi nkhwangwa. Dziko likatentha chotero, mvula imasokonekera: imachedwa, imadukiza, kapena imagwa ya mwezi wonse tsiku limodzi. Mapiri akakhala opanda mitengo, madziwo alibe chowagwira. Anzanga ankalemba kuti adzakhoze mayeso. Ine cholembera chinaima, chifukwa ndinkaona bambo ataima pansi pa msangu. Nthawiyo n'kuti titawaika kale m'manda.

Lero ndimaphunzitsa ku Mtakataka. Alangizi a zaulimi amabwera ndi mbande za msangu m'timapepala takuda, n'kumatichonderera kuti tibzale. Ndimalandira, ndimabzala ndi ana a sukulu, koma mtima umandipweteka. Pamene panali mtengo wathu, chimanga chimatuluka chachikasu, ndipo mbewu timachita kugula chaka ndi chaka. Madzi akatayika saoleka.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti pa mlandu uja panalibe wabodza. Mtengo unanena zimene unkadziwa, bambo anawerenga molondola monga ankachitira zaka zonse, koma nyengo inali itayamba kusintha popanda wowauza onse awiri. Misangu yotsala m'mbali mwa msewu imavulabe masamba nthawi yake ikakwana, ngakhale palibenso amene amakweza maso kuiyang'ana. Ndikamadutsa pa minibasi ndimaiyang'ana ine, ndipo ndimalakalaka nditawauza bambo mawu ochepa chabe: "Ababa, msangu sunaname, ndipo inunso simunalakwitse."

Anamwalira akuganiza kuti anapusitsa mudzi.