Boyila ya M'munda wa Ukamwini

Nditakwatira ku Magomero, chaka chija tinayamba kuvota zipani zambiri, apongozi anga aakazi anandipatsa munda kuseri kwa mudzi. Anandilozera kudzera mwa mwana wawo, poti mkamwini ndi apongozi sitinkayang'anana kumaso. Nthaka inali yabwino, koma pakati pa mundawo panagona chimphika chachitsulo chachitali ngati minibasi, chadzimbiri, theka lake litamira pansi. Kumutu kwake kunali khomo loti munthu n'kukwawiramo. Chinatsala nthawi ya azungu a esiteti, ndipo anthu ankachitchula kuti boyila.

Ntchito yake yakale inali mkangano wosatha. Apongozi aamuna ankati inkayendetsa makina ochotsa njere za thonje. Amalume a mkazi wanga, eni mbumba, ankati inkatulutsa nthunzi yofewetsera fodya. Onse awiri anabadwa moto wake utazima kale. Ankangogwirizana pa chimodzi, kuti makolo awo atangofika kuchokera ku Mozambiki anaisenzera nkhuni pa thangata mpaka tsitsi kuthothoka.

"Dazi langali n'la boyila," ankatero amalume akusisita mutu. "Ndinatengera kwa abambo anga."

Masiku athu mbuzi zinkausamo mvula, amayi ankayanika makaka a chinangwa pamwamba pake. Inenso inandigwirira ntchito. Tsiku lina ndikupalira nandolo, ndinaona apongozi aakazi akubwera ndi dengu pamutu, limodzi ndi mnzawo wa kutchalitchi. Kothawira kunalibe, ndiye ndinakwawira m'boyila. Ndinkati angodutsa. Iwo anatula dengu, n'kuyamba kuyala makaka pamwamba panga penipeni, kamodzikamodzi.

"Mkamwini wanuyu ngolimbikira?" anafunsa mnzawo uja.

"Pakudya, eya," anayankha apongozi. "Taonani khasu lagona apo. Mwini wake wathawa dzuwa."

Dzuwalo linali likuwotcha chitsulo, ine m'kati thukuta kamukamu, ndakhalira zitosi za mbuzi. Anacheza za maliro, za feteleza, za abusa atsopano. Pochoka apongozi anagogoda boyila ndi chala n'kunena mokweza kuti, "Mbuzi ya m'katimu ikatuluka, ikamwe thobwa kunyumba."

Patapita zaka, kunabwera amuna awiri a ku Limbe ogula zitsulo zakale. Anali atasesa kale mapoto obooka ndi mafelemu a njinga m'midzi yonse mpaka ku Njuli. Ataiona boyila anaimba mluzu. Amalume anavomera kugulitsa. Apongozi aamuna anakana, ati mbiri sagulitsa, koma atakumbutsidwa kuti nawonso pamudzipo ndi akamwini, anagonja. Ine mumtima ndinasangalala, poti mizere isanu ya chimanga ikanalowa pamenepo.

Ogula zitsulo aja anabwera Loweruka ndi lole yokalamba yoyaka mochita kukankha. Mudzi wonse unasonkhana, ena atanyamula mipando. Tinakumba m'mbali mpaka manja kuchita matuza, iwo n'kukulunga tcheni kuzungulira boyila, kwinaku anamangirira ku chitsulo cha kumbuyo kwa lole.

"Patukani, agogo!" dalaivala anakalipira amalume. "Chikadzuka ichi chikupsinjani."

Injini inabangula, utsi wakuda unaphimba nandolo wanga. Matayala anazungulira pamodzimodzi, akuponya dothi kwa oonerera. Boyila osasuntha. Dalaivala anabwerera m'mbuyo, n'kuthamanga mwamphamvu. Tinamva phokoso loopsa, amayi anayamba kululutira, lole n'kuthamangira kumunsi mopepuka. Utsi utachoka tinaona boyila ili pompaja, ndipo kumapeto kwa tcheni kwagona chitsulo chonse cha kumbuyo kwa lole, pamodzi ndi chitseko chake ndi nambala.

Apongozi aamuna anaseka mpaka kugwa pampando.

"Ndinakuuzani ine! Ya thonje imeneyi. Ya fodya ikanadzuka kalekale."

"Thonje n'lopepuka," anayankha amalume. "Kulemera kumeneku n'kwa fodya."

Amuna a ku Limbe aja anazungulira lole yawo akutukwanizana. Mmodzi anati pansipo azungu anathira simenti, wina anati pali mankhwala. Anati akatenga makina odulira zitsulo, abwera Lachiwiri. Tinawakankhira lole yawo mpaka kumsewu. Tcheni ndi chitseko anasiya, ati adzatengera limodzi.

Sanabwerenso. Chitseko cha lole chija amalume anatsekera khola la nkhumba. Tcheni anatenga apongozi aamuna n'kukaika pansi pa bedi, ati ndi umboni. Dzenje tinakumba lija palibe anabwera kudzandithandiza kukwirira. Mvula itagwa munadzaza madzi, ndipo chaka chimenecho ndinataya mizere ina itatu ya chimanga, koma abakha a mkazi wanga ananenepa kwambiri.