Anayamba ndi Denga

Malata anafika pakhomo pathu mwini wake asanafike. Dziko linali likadali m'manja mwa atsamunda, nkhondo ya Azungu itangotha kumene, ndipo amuna anga anali atakhalitsa ku Joni, kumigodi. Uthenga unabwera kuchokera kudoko la ku Linga wakuti sitima yatsitsa katundu wathu. Alongo anga anathamangira komweko, nabwera atasenza malatawo pamutu, mwera ukuwakankhira uku ndi uku mpaka kufika kwathu kuno ku Mwadzama. Mudzi wonse unatuluka. Ana ankadziyang'ana nkhope m'malatamo, amayi anzanga akuimba nthungululu, ine ndikuyenda monyang'wa ngati mkazi wa kalaliki wa ku Boma. Sindibisa, tsiku limenelo ndinanyada.

Eni ake anabwera pambuyo. Anati anatsalira panjira chifukwa cha malungo, koma nditangowaona ndinadziwa kuti si malungo. Munthu amene anachoka kuno ali chiphona chokoka khoka anabwera jekete likulendewera ngati lobwereka. Ankatsokomola chifuwa chouma, ndipo akatha ankapinda kansalu kawo msangamsanga n'kubisa m'thumba. Anaiwala kuti wochapa ndinali ine. Magaziwo ndinawaona, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti fumbi la mgodi lawadya m'kati.

Iwo anali mkamwini. Kwawo kunali kutsidya kwa Bua, ndipo pano anabwera kudzakwatira pa nthaka ya amayi anga. Mwambo wathu masiku amenewo unali wosachita kufunsa: mwamuna akamwalira, katundu wake yense wonyamulika ankatengedwa ndi abale ake, makamaka alongo ake ndi ana awo. Mkazi ankatsala ndi zimene zazika m'nthaka ya kwawo, monga munda, mitengo ndi nyumba. Malata ounjikidwa pansi anali katundu wa mwamuna. Akakhomedwa pa nyumba yoima pa malo a mkazi, panalibe munthu wolimba mtima wokwera pamwamba kukawazula ana amasiye akuyang'ana.

Anandiuza zimenezi tsiku lina titakhala pansi pa mtengo wa mango pomwe tinaunjika malatawo.

"Mayi, malatawa ndiwakhome ndikadali moyo," anatero. "Ndikawasiya pansi pano, inu ndi anawa simudzagonamo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Abale anga ndimawadziwa."

Mawuwo anali oona, koma vuto linali lakuti anayamba ndi denga. Thukuta lawo lonse la ku Joni linathera pa malata, misomali, mafelemu a mawindo ndi chitseko chokhala ndi loko wonyezimira. Ambiri obwera kuchokera kumigodi ankachita zomwezo, pakuti malata amaonekera patali pomwe maziko palibe amene amabwera kudzawayamikira. Za ntchito ya pansi pa nthaka sanasiye kanthu. Mmisiri wina wa kumishoni anabwera kudzaona malowo, napalasa ndi phazi, nati pano ndi pamchenga. Anati tiyambe taumba njerwa, tiotche, titute miyala, zonse zikhale mulu pambali, ndiyeno tikumbe ndi kumanga m'chilimwe chimodzi, chifukwa ngalande ya maziko yokumbidwa pamchenga siidikira munthu. Amuna anga anavomera ndi mutu monga amachitira munthu amene wamva koma sachita.

Ine ndinawapempha kuti tingoimika nyumba ya mitengo, tiphome ndi dothi monga timachitira tonse, malatawo tikhome pamenepo. Ikanatha mwezi usanathe. Anakana kwamtuwagalu. Anati chiswe chidzadya nsanamira, anatinso sanapite pansi pa dziko kuti adzaveke malata pa khoma la matope anthu n'kumamuseka. Ndinali nawo ndi chikondi amuna aja, koma kunyada kwawo kunkandipsetsa mtima, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimamva kutentha pachifuwa.

Njerwa zimafuna anthu, ndipo anthu amafuna kudya. Amuna ambiri a m'mudzi anali atapita ku Halale kapena ku minda ya fodya kukasaka msonkho. Otsalawo tsiku lonse anali kunyanja ndi makoka awo. Aganyu ankafuna malipiro ndi phoso pamwamba. Kuitana dima, kuti anthu adzatithandize ntchito pamodzi, kunkafuna mbuzi, mpunga ndi mitsuko ya thobwa, ndipo ife chaka chimenecho tinkadalira chinangwa chokha. Alongo anga aja, amene anasenza malata mokondwa pamene panali nthungululu, tsopano onse anadwala msana. Wamkulu ndinamumva ndi makutu angawa akuuza mnzake kuti mkamwini akamanga ya njerwa, mawa adzati mudzi ngwake. Ntchito imodzi yokha inali yosafuna kugwadira munthu, ndiyo kukumba, ndipo kukumba amuna anga ankakudziwa kuposa wina aliyense kuno. Motero anayamba ndi chomwe chinayenera kudikira.

Anakhoma zikhomo, nakoka chingwe, nalemba nyumba yonse pansi. Inali yowongoka bwino, ya zipinda zogona kumbuyo ndi pochezera kutsogolo, khomo litaloza kumsewu. Anatenga ana athu awiri, mtsikana ndi mlongo wake, nawaimika m'kati mwa chingwemo kuwaonetsa pomwe adzagone. Piki ndi fosholo anali atabwera nazo kuchokera ku Joni. Akagwira fosholo ija ankasanduka munthu wakale uja, mapewa akuyenda okha, mchenga ukuuluka n'kukagwera malo amodzi. Koma akaponya pang'ono ankaima, n'kutsamira mpini, chifuwa chikuwang'amba.

Mchenga wa kuno ndi wochenjera. Ukakumba lero, mawa upeza m'mbali mwagumuka, theka la ntchito yako labwerera m'dzenje. Iwo ankafuna kufika pa nthaka yolimba monga anazolowera kumgodi, ndiye ankangotsikirabe. Ngalande inafika m'mawondo, inafika m'chiuno, kenaka m'chifuwa. Ndikamachokera kuchitsime ndinkangoona chipewa chokha chikuyenda pamwamba pa nthaka. Nthaka yolimbayo sanaipeze. Anapeza mchenga wonyowa, ndipo pa ngodya ya kunyanja madzi anayamba kutumphuka okha, dzuwa likuswa mtengo.

Amayi anga sankagona nalo tulo dzenje limenelo. Kwathu manda akakumbidwa sakhala opanda kanthu, ndipo akakumbidwa pachabe amaikamo thunthu la nthochi n'kukwirira, kuti asaitane munthu. Iwo ankati dzenje lofika m'chifuwa, lili pakhomo, kukamwa kuli yasa, silisiyana ndi manda. Ndinawadzudzula kuti ife ndife a tchalitchi, komabe ana ndinawaletsa kusewerako. Mmawa wina amuna anga anapeza thunthu la nthochi litagona m'ngalandemo. Anadziwa yemwe waponya, koma mkamwini salankhula ndi apongozi ake aakazi maso ndi maso, ndiye mkwiyo wonse unagwera ine. Analitulutsa, nalitemetsa zidutswazidutswa ndi chikwanje, akutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. Sindidziwa ngati inali ya chifuwa kapena ya mantha.

Ine sindinakhale manja lende. Ndinabwereka chikombole, ndipo amayi awiri a kutchalitchi ankabwera kudzandithandiza kuponda dothi lomwe tinkatuta pa chulu cha kumunda. Tinaumba zidina, njerwa zaziwisi, n'kuziyanika pabwalo, koma nkhuni zootchera zinali zisanadulidwe, wozidula panalibe. Mvula chaka chimenecho sinachite kugogoda. Inangogwa tsiku lina masana ngati ikutsanulidwa mumtsuko, ndipo tinathamanga ndi mphasa ndi udzu kukafunditsa zidina, koma mochedwa. Ndinaima ndikuyang'ana ntchito ya manja anga ikusungunuka n'kuyenderera kulowa m'ngalande ya amuna anga. Pofika mmawa zipupa za ngalandeyo zinali zitagwa, madzi ali tho, achule atalowamo kale.

Munthu wina akanati basi, tidikire chilimwe. Koma iwo ankadziwa kuti chilimwe china sachiona. Anatenga ndowa, nalowa m'madzimo kuyamba kukapa. Akakapa mmawa, madzulo mvula inkadzazanso. Ankatuluka milomo itayera, thupi likunjenjemera, n'kukhala pamoto osatha kugwira ngakhale kapu. Ndinabisa fosholo ija m'nkhokwe ya amayi, pomwe ndinkadziwa kuti mkamwini sangapisemo dzanja. Anatenga khasu langa. Pamenepo mtima unandikwera, ndinapita kukaima pamwamba pa ngalande, iwo ali pansi m'matope.

"Bambo, kodi mukukumba nyumba kapena manda?"

Anandiyang'ana, madzi akudontha m'ndevu.

"Manda adzandikumbira ena, mayi. Iyi ndisiyeni ndikumbe ndekha."

Ndinapita kunkhokwe, ndinakatenga fosholo ija n'kuwapatsa, pakuti khasu linkawapweteka msana kwambiri.

Sanaigwire nthawi yaitali. Tsiku lina analephera kutuluka m'dzenjemo, ndipo ine ndi mwana wanga wamkazi tinawakoka m'khwapa. Tinapita nawo pa machila kuchipatala, komwe anawasunga pang'ono n'kutiuza kuti tibwerere nawo kunyumba. Anapempha kuti mphasa yawo izikhala pafupi ndi khomo la kanyumba kathu ka udzu, kuti aziona panja. Mvula ikamagwa inkalira pa malata aja pansi pa mango, ndipo iwo ankatseka maso kumvetsera. Ankati umo ndi momwe izidzamvekera m'nyumba mwathu. Ndinkavomera, ngakhale mawuwo ankandilasa. Anamwalira mpunga ukuyamba kubereka m'madambo.

Bua anali atasefukira, kotero mtembo sukanatha kuoloka kupita kwawo, ndipo anaikidwa kuno. Kutangocha, amuna a m'mudzi anatulukira okha popanda wowaitana, alongo anga ali patsogolo, misana itachira. Anabwera kudzabwereka piki ndi fosholo za malemu, poti zinali zabwino kuposa makasu awo. Dzuwa lisanafike pamutu manda anali atatha, akuya, owongoka, ndipo palibe anafunsa za malipiro. Ndikudziwa kuti umenewo ndi mwambo wabwino, kuti wakufa sakumba manda ake. Koma nditaima pamandapo ndinkayang'ana manja onsewo ndi kulingalira kuti akanabwera chomwechi m'chilimwe, njerwa zikanapsa ndipo khoma likanaima. Anthu ankati ndikulira maliro, pomwe theka la kulira kwanga linali mkwiyo.

Madzi ataphwa, abale awo anabwera kudzameta ndi kundisudzula. Anali anthu aulemu, ogwada popereka moni, ndipo sindinganene kuti anaba, pakuti anatenga zomwe mwambo unawapatsa. Alongo awo a malemu anandigwira dzanja nati, "Mlamu, limbani mtima, anawa ndi athu tonse." Akulankhula choncho, ana awo anali akumanga malata m'mitolo. Anatenga mafelemu, chitseko ndi loko wake, misomali, jekete, mpaka piki ndi fosholo zikadali ndi dothi la kumanda. Malata anachoka monga anabwerera, pamutu, koma opanda nthungululu. Pansi pa mango panatsala udzu wofa ndi zinkhanira. Asananyamuke anazungulira ngalande ija, nasuzumiramo, napukusa mitu. Chimenecho chokha ndicho sanathe kunyamula.

Amayi anandiumiriza kuti ngalandeyo tiikwirire msanga. Ndinakana chilimwe chonse, osadziwa chomwe ndikudikira. Mvula ina itayandikira ndinapita kudimba kukazula ana a nthochi, ndipo ndinawadzala m'ngalandemo mmodzimmodzi, kutsata momwe chingwe chinadutsa, zipupa zakunja ndi zam'kati zomwe. Pakhomo ndinasiya mpata. Amayi ataona, anangobwera ndi lichero la phulusa kudzathira m'mapandomo.

Nthochizo zinakondwa ndi dothi lofukulidwa mozama ndi chinyontho cha pansi chija chimene chinapha mwini wake. Zinabereka mikoko yoti munthu mmodzi osanyamula. Ana anga anadya, zina ndinkagulitsa kumsika, ndipo ndi zomwezo anaphunzira nazo sukulu. Achinyamata amene akumanga masiku ano akandifunsa nzeru, ndimawauza kuti asatemere khasu pansi njerwa zisanapse, adziwiretu okumba ndi chomwe adzadye, ndipo malowo akawaone m'dzinja, osati m'chilimwe. Ena amamva, ena amavomera ndi mutu monga ankachitira amuna anga.

Nthochi zija zilipobe, zidzukulu za zomwe ndinadzala, ndipo ngakhale zamwazikana, woyang'anitsitsa amaona ngodya ndi zipinda. Kukatentha ndimayala mkeka m'chipinda chakumbuyo, chomwe anati chidzakhala chathu. Mvula ikagwa mumadontha paliponse. Adzukulu anga amakonda kudumphira pakati pa mitengoyo akamathamangitsana, ndipo nthawi zonse ndimawabweza. Ndimawauza kuti atuluke, azungulire, alowere pakhomo.